Mgonero wopanda khadi kuseri kwa Manyamula

Ndinanyamuka pa Mzimba boma Lamulungu m'mawa, sikisi koloko isanakwane, kalata ya seshoni ili m'thumba la jekete. Kalatayo inali yoitanira mwana wanga Vitumbiko ku bwalo la mpingo. Chibwerereni ku Joni wakhala akutsogolera katchalitchi kathu ka kwawo kwa mayi ake, ndipo mbiri inatipeza yoti wachotsa guwa, wathetsa ulaliki, mgonero akupatsa aliyense osafunsa khadi. Akuluampingo anzanga anati, "Inu ndinu bambo ake. Mukaone ndi maso. Zikakhala zoona, mukampatse." Ndinkadziwa kuti ndikampatsa, mapeto ake ndi kudulidwa mumpingo.

Pa depoti ndinapeza kagalimoto ka anthu asanu ndi awiri, koma tinalowamo khumi ndi mmodzi, osawerengera nkhuku. Mtengo K6,000. Tinadikira ola lathunthu kuti kadzaze, ngati kuti kanali kasanadzaze. Ndinagula zitumbuwa ziwiri, koma ndinangozisunga osadya.

Mayi amene anali ndi nkhukuzo anandiyang'ana tayi. "Adada, mukukalalikira?"

"Ayi, ndikukaona mwana."

"Yewo, mwachita makora. Ana amasangalala chomene akaona dada wawo."

Ndinangoti inde. Bampu iliyonse ya msewu wafumbiwo inkandigwedezera kalata pachifuwa.

Njira yonse ndinkakonza mawu. Anthu amati masiku ano aliyense ali ndi choonadi chake, Baibulo tizingokambirana mmene wina walimvera. Ine ndinaphunzitsa masamu mpaka kupuma ntchito, sindinamvepo kuti mwana aliyense ali ndi ansala yake. Khadi la mgonero si pepala wamba. Limanena kuti munthu anaphunzira kalasi ya mpingo, anadziyesa yekha, ali pamtendere ndi mpingo. Gome la Ambuye likakhala lopanda khomo, kulapa n'kwachiyaninso?

Tinafika pa Manyamula nthawi ili cha m'ma naini, tsitsi litafiira ndi fumbi. Wotsalawo unali mtunda wa kabaza, K2,000. Wopalasa anali bambo wa imvi kale, wolankhula osatembenuka.

"Kwa a Vitumbiko? Ndimapemphera komweko. Kulije zofunsana makadi kumeneko, dada. Walowa, mbwenu wadya."

"Nanga ochimwa?"

"Aa, ndiye ife amene."

Ndinatsika pachitunda kuti apume, koma zoona zake miyendo yanga ndi imene inkafuna kuchedwa.

Tinapeza mapemphero ali mkati. Zonse zinali monga tinamvera. Mabenchi anali atazungulira, guwa lili pakona, pamwamba pake ataikapo zipewa. Anthu anali odzaza kuposa mmene ndinawaonerapo m'katchalitchiko. Vitumbiko anakhala pakati pawo wopanda jekete. Atandiona anamwetulira, kenaka maso ake anatsikira pathumba langa, kumwetulira kuja n'kuzima.

Anawerenga ndime, aliyense n'kumanena maganizo ake. Wina anati kuuka kwa akufa ndi fanizo chabe, ndipo palibe anamuwongola. Ndinachita mantha enieni.

Kenaka chikho cha mgonero chinayamba kuyenda dzanja ndi dzanja. Chinandifika kuchokera kwa mayi wokalamba amene ndinamuzindikira, NyaJere, mkazi wachiwiri wa malemu mlamu wanga. Anadulidwa chifukwa cha mitala ana ake ali aang'ono, ndipo masiku a mgonero ankaima panja n'kumaonera pawindo. Ndinalandira chikhocho, ndinachiyang'ana, n'kuchipereka kwa wotsatira osamwa. Tchalitchi chonse chinaona.

Titatuluka ndinamuitanira Vitumbiko pansi pa mtengo wa mango. Mawu onse ndinakonza m'njira aja anathawa. Ndinangotulutsa kalata.

"Mwaona nokha, adada," anatero.

"Ndaona, mwana wanga. N'chifukwa chake."

Analandira ndi manja awiri monga tinamulerera. Zimenezo zinandipweteka kuposa akanandilalatira.

Mpaka lero ndikukhulupirira kuti gome lija liyenera kukhala ndi khomo. Chimene ndinaphunzira paulendowu n'chakuti kulondola sikupepukitsa mtima, makamaka ukawadziwa mayina anthu amene atsale kunja.

Tsiku lija ndikukwera kabaza kubwerera, NyaJere anabwera mwakachetechete, nagwada pafumbi monga achitira kwa alamu.

"Alamu, ndapota," anatero. "Sabata yamawa tilowe, kapena tibwerere pawindo?"

Wakabaza anadikira, phazi lili pansi.