Tsiku limene ndinaimbira alamu osawapatsa moni

Ndinanyamuka ku malaini a esiteti Lachinayi m'mamawa, chiperoni chikuwaza. Amuna anga anali atatha mwezi m'manda, ndipo akapitawo anali atanena kuti pofika Loweruka ndikhale nditatuluka m'nyumba ya kampani. Koma kwathu mkazi wamasiye satulutsa ngakhale mphasa akuchimuna asanamusudzule. Woyenera kupereka mawu anali alamu anga a Dafuta, amene amagwira ntchito pagalaja ku Joni, ndipo foni amaloledwa kuyankha nthawi ya nkhomaliro yokha.

Masiku atatu ndinali nditayesa kuwaimbira pa byuro ya mafoni ya pa Masambanjati. Mawu awo ankafika odukaduka, kenako zii. Ndiye ndinati ndikayese ku boma.

Matola anandidula makwacha makumi asanu ndi limodzi, malo ake pamwamba pa mikoko ya nthochi.

"Amayi, musakhalire nthochi za eni," anatero kondakitala.

"Ndikhale pamutu pako?"

Pafupi ndi Makwasa galimoto inatitimira, tonse tinatsika n'kukankha. Ku Thyolo ndinafika cha m'ma leveni, matope mpaka m'mawondo. Ndinagula chinangwa chophika n'kudyera chilili.

Pa byuro ya pa boma anthu ankatuluka akutukwana. Mwini wake analoza chitsulo chachitali cha mafoni, nati, "Vuto lili uko, osati kwa ine." Ndinapita komweko. Mlonda atandikaniza ndinakhala pansi pageti ndi nsalu yanga yakuda, mpaka anatuluka bambo wina wa ku Rumphi, a Mhango, amene amayang'anira makina.

M'chipinda mwawo munkazizira ngati kumotchale. Anandionetsa kagalasi ka manambala othamanga, ndi nyali yaing'ono pambali pake.

"Mawu anu, mama, amadulidwa tizidutswa, n'kuuluka kuchoka pa mbale ili pamwambayo kupita pa inzake. Makinawa amawerenga tizidutswa tofika towonongeka. Nyali ikafiira, ndiye kuti tachuluka."

"Ndiye mumangowerenga? Osakonza?"

"Mbale inakhwefuka, mphepo ikuigwedeza. Okwera pamwamba ndinawaitana sabata yatha."

Ndinapsa mtima. Munthu wa tayi, kulandira malipiro chifukwa chopenyerera zinthu zikuwonongeka! Koma iwo anatsegula buku lawo nandionetsa kuti masiku onsewo mphepo inkapuma pang'ono masana, nyali n'kubiriwira mphindi ziwiri kapena zitatu. Anati ndiimbire pa foni yawo yomweyo, iwo maso ali pagalasi.

Itangopitirira hafu thwelofu anati, "Pano!"

Mawu a alamu anamveka bwinobwino ngati ali pakhonde. Tinayamba monga mwa nthawi zonse. Adzuka bwanji, ana ali bwanji, agogo mwendo uja, mvula kumudzi. Ndisanafike pa nkhani, nyali psuu.

A Mhango anagwira mutu. "Mama, mphindi zitatu zonse moni?"

"Nanga alamu anga ndiwayambe ngati wapolisi?"

"Mukapitiriza chonchi mugona panja Loweruka."

Tinadikira, manambala akuthamanga, ine ndikuyang'ana wotchi ya pakhoma. Kutatsala mphindi zisanu kuti ikwane wani, nyali inabiriwira. Ndinaimbanso, ndipo alamu atangoti halo ndinakuwa: "Loweruka akunditulutsa. Mubwera, kapena andisudzule ndani?"

A Dafuta anadabwa.

"Alamu, mwayamba liti kulankhula chonchi?"

"Yankhani!"

"Pitani kwa amalume a Likhwa kwa Changata. Muwauze ndalola, aime m'malo mwanga. Komatu khalidwe ili..."

Nyali inafiira, zotsalazo zinapita ndi mphepo.

Pobwerera sindinatsikire kwathu. Ndinapitirira kwa Changata, ndipo Loweruka m'mawa amalume anandisudzula, katundu n'kutuluka dzuwa lisanatenthe. Ndinaphunzira kuti nawonso owerenga zolakwika ali ndi ntchito, ngakhale mbaleyo inakhala yokhwefuka mwezi wina wathunthu. Akuchimuna mpaka lero amanditcha mayi wopanda moni. Ndikakumana nawo ndimawapatsa wautali, wofunsa ndi nkhuku zomwe, mpaka iwo ndi amene amayamba kutsanzika.