NyaChirwa akufuna kopita m'mawa

Lachiwiri lapitali mkanda wanga wa m'khosi unaduka ndikutsika pa kabaza. Ndinatola m'matope mikanda yomwe ndinatha kuiona, ina inapita.

Ndinaugula nditangosamukira kuno ku Mzuzu kuchokera ku Zomba, pakanyumba kena ku Msongwe pomwe amayi asanu ndi awiri ankatunga mikanda, ndolo ndi zibangili. Chilichonse chinkakhala ndi kapepala ka dzina la wochipanga. Changa chinali cha NyaChirwa.

Nditapitako ndinapeza kanyumbako kasanduka saluni. Ndinafunsafunsa mpaka wina anandilozera ku Zolozolo.

NyaChirwa ndinawapeza pakhonde, mbale ya mikanda ili pamiyendo, singano ataiyandikitsa pafupi ndi mphuno.

"Monire, mama," anatero, akulandira zidutswazo. Anazitembenuza n'kumwetulira. "Uwu ngwanga. Mfundo iyi palibenso wina amamanga chonchi."

Akukonza, anandifotokozera. Amuna awo atamwalira, achibale anawalanda nyumba. Amene anawalemba ntchito anali mphunzitsi wina wopuma, mwini kanyumba ka ku Msongwe kaja, yemwe ankatenga amayi amasiye ndi ena olumala.

"Inali ntchito yeniyeni, mama. Tinkalowa eyiti, kuweruka folo. Mwezi ukatha, malipiro. Nditagona kuchipatala milungu itatu, mpando wanga unandidikira. Ndiye kuseka kwake! Tinkaseka chomene mpaka mikanda kutayika."

Mphunzitsiyo atamwalira, ana ake anatseka. Amayi aja anabalalika. Wina anabwerera ku Rumphi, wina akugulitsa makala ku Mzilawaingwe. Enawo NyaChirwa sadziwa n'komwe kumene ali.

Lero amatungira venda wina amene amabweretsa mikanda n'kudzatenga zomalizidwa, kukagulitsa ku Lilongwe. Amabwera tsiku lomwe wafuna. Zina amati n'zokhota, salipira, koma amaziika m'chikwama momwemo. Kapepala ka dzina kulibe.

"Bwanji osamukana?" ndinafunsa.

"Amati akundithandiza. Munthu wokuthandiza ungakangane naye?"

Mawu amenewo andikhala pamtima sabata yonse. Timawakonda bwanji ife! Mayi wa manja aluso akangokhala wamasiye kapena wolumala, sitinenanso kuti tamulemba ntchito. Timati tikumuthandiza. Ndipo wothandizidwa alibe nthawi yoweruka, alibe tchuthi, saloledwa kudwala. Chake n'kuwomba m'manja n'kunena kuti yewo.

Nanenso sindine woyera. Kangati ndanenerera ndolo pamsika mpaka wogulitsa kungoti, "Tengani basi"? Ndinkapita kunyumba ndikudzitama kuti ndine wochenjera. Sindinafunsepo kuti maso a ndani anathera pa ndolozo.

Atamaliza, NyaChirwa anandiperekeza mpaka pamsewu. Ndinkaganiza kuti apempha kangachepe, kapena magalasi a maso. Ayi.

"Inu mumayenda m'maofesi," anatero. "Mukamva kuti kwinakwake akulemba otunga mikanda, mundiuze. Ngakhale kutali, ndiziyenda. Ndimangofuna ndizidzuka, kusamba, kumanga chitenje chabwino, aneba akafunsa ndiziti ndikupita kuntchito. Ndikakhale ndi anzanga."

Ndinavomera ndi mutu, koma sindikudziwa malo otero ngakhale amodzi mu Mzuzu muno.

Inu amene muli ndi mashopu, inu otsogolera magulu a amayi kutchalitchi, inu ogula zokongola zopita nazo kunja: pali amene ali ndi chipinda chimodzi, tebulo ndi mipando isanu ndi iwiri, komanso mtima wolemba anthu ntchito osati kuwathandiza?