Dzanja la Zala Zinayi pa Khoma la Tchalitchi

Alamu anga a Wilisoni Namakhwa anali mmisiri wa zomanga, koma kuchedwa kwake, mayo ine! Khoma loti anzawo atha tsiku limodzi, iwo sabata yathunthu. Njerwa iliyonse ankayamba aitembenuza, kuipukuta, kuiyang'ana ngati akusankha mkazi.

Chifukwa chake ndinachidziwa chaka chimene nyanja ya Chilwa inaphwa, anthu n'kumayenda wapansi kuchoka ku Kachulu mpaka kuchilumba cha Chisi. Masana dzuwa likatentha, tchalitchi lathu lakale linkaoneka ngati likuyandama pamadzi amene kunalibe, nsanja ya belu ikugwedezeka pang'onopang'ono. Ndi la njerwa zofiira, makoma ochindikala mkono wathunthu, mazenera aatali osongoka pamwamba. Analiumbira njerwa ndi makolo athu atangofika kuchokera ku Mozambiki.

Chaka chimenecho makoma anang'aluka, ndipo Bambo Mfumu analamula kuti tchalitchi lonse lipakidwe pulasitala. Ntchito inagwera a Wilisoni. M'malo mosangalala, munthu anasiya kudya.

"Alamu, mwadwala kapena mwakana ntchito ya Mulungu?" ndinawafunsa.

"Mayi anga ali m'khomamo," anatero.

Paja amayi oumba njerwa aja anali ndi chizolowezi: njerwa yomaliza ya tsiku ankaidinda ndi dzanja isanaume, kuti Mulungu adziwe amene anagwira ntchito. Mayi a Wilisoni anamwalira iwo akadali kumsana. Chithunzi panalibe, manda anakokoloka ndi madzi. Chimene anauzidwa n'chimodzi chokha, kuti mayiwo analibe chala chaching'ono cha kumanja, chikwakwa chinadula. Zaka zonsezo, pa Misa, ife maso kuguwa, iwo maso pakhoma. Tsopano sementi inali yoti ikwirire zonse, ndipo wokwirira anali iwo omwe.

Anapaka khoma la kuvuma, osapeza. La kumadzulo, manja ambirimbiri, koma onse a zala zisanu. Lililonse ankalisisita kaye, n'kulipepesa, kenako n'kulimata. Bambo Mfumu anayamba kung'ung'udza za kuchedwa, ndipo inenso, ndisaname, ndinkawaseka.

Linatsala khoma la kuseri kwa guwa. Tsiku lina ndikudutsa ndi mtolo wa nkhuni, ndinawaona pamwamba pa makwerero, pansi pa denga penipeni pamene amamanga anamzeze. Anali chiimire, chipande chopakira sementi chitagwera pansi.

"Alamu, mwaona njoka?"

Ndinatula nkhuni n'kukwera, nkhalamba ine. Panjerwa panali dzanja, zala zinayi, mizere ya m'chikhatho ikuoneka bwinobwino ngati ladindidwa dzulo. A Wilisoni anaikapo lawo, ndipo linaphimba lonse, n'kutsalako malo.

Anali bambo wa imvi, wa zidzukulu zitatu. Moyo wawo wonse ankalota mayi wamkulu, wamphamvu, woti n'kuwanyamula. Anachotsa dzanja lawo, n'kuyang'ananso kadzanja kaja, misozi ili chuchuchu.

"Alamu," anatero, "kani anali kamwana chabe. Wamng'ono kuposa mdzukulu wanga Elenala."

Ndinalira nawo pamakwerero pomwepo. Njerwa imeneyo sanaimate.