Tinsalu ta Mayi Odile

Mayi Odile Vayssier akhala akuphikira ana a sukulu ya m'mudzi mwathu muno mwa Saint-Orbel kwa zaka makumi atatu. Ine ndinadya msuzi wawo zaka zisanu ndi zitatu, ndipo ngakhale sukulu ndinaisiya chaka chatha, mpaka pano ndikaona kaloti ndimakhala tsonga. Ndi mayi wamfupi, wa ndawala, wosatseka pakamwa. Amalankhula ndi mapoto, amatsutsana ndi wailesi, ansembe akamalalikira amawathandiza.

Atayamba ntchito ankayala mbale makumi anayi. Zitatsala khumi ndi imodzi, a zamaphunziro analemba kalata: ana akapanda kufika khumi ndi asanu pakutha pa zaka ziwiri, sukulu itsekedwa. Sikuti anthu akwathu sabereka. Amabereka ndithu, koma kutauni, chifukwa kuno kunalibe nyumba ya lendi ngakhale imodzi.

Ndiye a meya athu, a Thierry, anabwera ndi nzeru. Nyumba ya khonsolo inali itang'aluka kale, denga likudonthera mabuku a maukwati. Anati tibwereke ndalama kuthumba la boma timange ina: pansi maofesi ndi chipinda chomangitsira maukwati, pamwamba nyumba zinayi za lendi, lendiyo izibweza ngongole. Mwa akhonsolo khumi ndi mmodzi, asanu anavomera, asanu anakana. Wotsala anali a Fernand Delpuech, oweta nkhosa, munthu wosagula ngakhale chipewa pangongole.

"Odile, zaka makumi awiri tili pangongole?" anatero a Fernand atakumana kogula buledi. "Ndidzafa isanathe."

"Kufa mudzafabe, achimwene. Bola mufe sukulu ili yotsegula."

"Tionana Loweruka kumsonkhano wa khonsolo. Kumene kuja kamwa lakolo ulisiya pakhomo."

Sananame. Kwathu kuno msonkhano wa khonsolo aliyense amalowa, koma wosakhala khansala salankhula. Ukangoyerekeza, a meya amakutulutsa. Loweruka m'mawa anthu tinadzaza mipando yakumbuyo, ambiri osati chifukwa cha ngongole, koma kudzaona ngati Mayi Odile angathe ola lathunthu ali chete.

Analowa ndi dengu. Pasukulu pathu mwana aliyense amabwera ndi kansalu kopukutira pakamwa akamadya, kosokedwa dzina lake. Pomaliza sukulu ambiri amakaiwala, ndipo Mayi Odile sataya kanthu. A meya ali mkati mowerenga za chiwongoladzanja, iwo anayamba kutulutsa tinsalu tija kamodzikamodzi, n'kumayanika pa benchi yopanda anthu, dzina likuyang'ana akhonsolo. Bastien, amene akuyendetsa basi ku Toulouse. Mapasa a kwa Cazals. Lucie wosadya nsomba. Onse opita, onse ali ndi ana kwina. Benchi inadzaza, anayamba yachiwiri.

"Mayi Odile, mukusokoneza msonkhano," anatero khansala wina wa mbali yokana.

Iwo anangoloza milomo yawo, yotsekeka ngati yomata. A meya anatsegula buku la malamulo, koma za tinsalu munalibe.

Komaliza kanali kachikasu, ka banga la tomato: Maëlle. Ameneyu ndi mwana yekhayo wa a Fernand, wokhala kutauni m'zipinda ziwiri ndi ana atatu, wobwera pa Khirisimasi pokha. Kameneka sanakayanike. Anakapinda bwinobwino n'kukakaika pambali pa chipewa cha bambo ake.

A Fernand anakayang'ana nthawi yaitali.

"Thierry, nyumba yaikulu pamwambapo, zipinda zogona zingati?"

"Zitatu."

"Masitepe akhale ndi chogwirira. Kamdzukulu kanga kamng'ono kaja n'kosamva."

Povota, dzanja la a Fernand linakwera pang'onopang'ono, ngati likulemera, koma linakwera. Titatuluka panja Mayi Odile analankhula osapuma mpaka belu la masana, ndipo a Fernand anathawa ataiwala chipewa.

Nyumba inatha mochedwa, utoto usanaume anthu akulowetsa kale mabedi. Tsiku lowerenga ana, iwo anakwana khumi ndi asanu ndi mmodzi. Pa ukwati woyamba makina ochapira a Maëlle, amene tsopano amakhala pamwamba paja, anagwedeza denga mpaka mkwati anachita kubwereza "inde" wake.

Nyuzipepala ya m'chigawo inangojambula a meya ndi lumo lodulira riboni, n'chifukwa chake ndalemba izi. Nditawawerengera eni ake Mayi Odile, anati ndachepetsa zaka ziwiri, ndipo adzukulu a Fernand sadya kaloti, ndikalembenso zimenezo.