Baltimore wa Adadi

Ndikukumbukira kuti ndinali ndi zaka zisanu ndi zinayi pamene adadi anandilonjeza ulendo wa ku Baltimore. Tinkakhala ku Tyrrelstown, m'dziko la Ireland, ndipo pa firiji pathu panamatidwa chithunzi chochokera kwa azakhali a ku America, chosonyeza doko la Baltimore lodzaza zombo zakalekale ndi nyumba za njerwa zofiira. Ndinkachiyang'ana mpaka tiyi kuzizira m'kapu. Tsiku lina adadi anandipeza nditaima pomwepo, ndipo anati, "Ukakhoza bwino chaka chino, Tadala, ndidzakutengera ku Baltimore. Ndanena ine."

Adadi akati "ndanena ine", nkhani inkathera pomwepo. Ndinakhozadi. Koma chaka chomwecho zinthu zinasokonekera mu Ireland. Ntchito zomanga zinaima, nyumba zina kufupi ndi kwathu zinatsala zopanda mawindo, ndipo adadi, amene ankayendetsa lole yonyamula simenti, anayamba kupezeka pakhomo masana. Amayi okha ndiwo ankatuluka m'mamawa ndi yunifomu yawo ya unamwino kupita ku chipatala cha Beaumont. Ine za chuma sindinkazidziwa. Ndinkangodikira lonjezo langa.

Madzulo ena adadi anangoti, "Loweruka ndi Baltimore." Mayo ine! Ndinakuwa mpaka galu wa aneba anayamba kuuwa. Amayi anawayang'ana adadi cham'mbali ngati akufuna kunena kanthu, koma ine ndinali nditatuluka kale, liwiro la mtondo wadooka, kukauza mnzanga Misozi, mwana wa banja la ku Zambia, kuti ndikupita ku America. Pakamwa panga sipasunga kanthu mpaka lero. Misozi anachita nsanje, kenako anati ndikamubweretsere ngakhale kamwala ka kumeneko.

Loweruka ndinadzuka wosadzutsidwa, pasipoti ili kale m'thumba la jekete. Bwalo la ndege lili pafupi ndi kwathu, ndiye nditaona galimoto ikulowera kwina, ndege zikutsalira kumbuyo, ndinafuula m'Chingerezi changa cha kusukulu kuti adadi asochera.

"Baltimore wathu safuna ndege," anatero iwo, maso ali pamsewu.

Aaa, ndiye kuti tikukakwera sitima yapamadzi! Chimwemwe chinangowirikiza. Ndinaimba njira yonse, ndikudya mandasi a amayi, ndikubayibitsa malole, ndikuyeserera kulankhula cha m'mphuno ngati anthu a pa TV. Tinadutsa mzinda wa Cork, misewu inayamba kuchepa, fungo la mchere linalowa pa windo. Kenako ndinaona chikwangwani cholembedwa kuti Baltimore, pamwamba pake pali dzina la Chiairishi monga zikwangwani zonse za ku Ireland. Kuseri kwake ng'ombe zinkadya msipu.

Kanali kamudzi kakang'ono, ka nyumba zopaka utoto ndi timaboti ta asodzi. Adadi anazimitsa injini n'kunena motsitsa kuti, "Tafika." Mtima wanga unangoti phwii. Ndinalira, ndinawauza kuti andinamiza, ndipo ndinakanitsitsa kutsika. Iwo anatuluka n'kukaima okha moyang'ana nyanja, manja ali m'matumba.

Amayi anatembenuka pampando wawo. "Tadala, tawayang'ana bambo akowo," anatero. "Ntchito inatha, America sangaikwanitse. Akanatha kungokuuza kuti zakanika, ukanawatani? Koma akhala akusakasaka pa mapu kuti mawu awo asagwe pansi. Anafuna kukufotokozera tsiku lomwe lija, iwe n'kukuwa, mawuwo anawakanika kutuluka. Tsika, usawasiye okha."

Ndinatsika, mamina ali chuchuchu. Nditaima pambali pawo, adadi anakhosomola n'kunena kuti, "Baltimore alipo awiri, mwanawe. Uyu ndiye mkulu, wa azakhali ako uja ndi mng'ono wake." Ndisanayankhe, mphepo inawalanda kapusi. Abale inu, mukanawaona adadi ndi mimba yawo ija akuthamangitsa kapusi padoko, asodzi akuwachemerera! Ndinaseka misozi isanaume.

Tsikulo linakoma mosayembekezeka. Tinakwera boti kupita pa chilumba, madzi akutithira kumaso, amayi atagwiritsitsa chitsulo akuitana Mariya. Titabwerako, tinakwera mtunda mpaka pa nsanja yoyera yomwe ili pamwamba pa thanthwe, pomwe adadi analoza kumadzulo n'kunena kuti America ali tsidya lake, ndiwabayibitse azakhali. Ndinabayibitsa ndi manja onse awiri. Tinadya nsomba ndi tchipisi zotentha, mbalame zikutizungulira ngati tili nazo mlandu. Kamwala ka Misozi ndinakatola m'mphepete mwa madzi, ndipo pompatsa ndinamuuza mosaphethira kuti ine ndapita ku Baltimore weniweni, wa ku America uja ndi fotokope.

Lero ndikumvetsa zomwe sindinkaziona nditakhala kumbuyo kwa galimoto ija. Munthu ntchito ikamuthera, amatsala ndi mawu ake okha, ndipo adadi anayendetsa galimoto mtunda wonsewo kuti mawu awo asafe pamaso pa mwana wawo. Ndikanapanda kutsika, ndikanawalanda ngakhale chimenecho.

Chaka chatha ndinafika ku Baltimore wa ku America monga mlendo wodzaona malo. Ndinakwera zombo zakale zija, ndinayenda m'misewu ya njerwa zofiira, ndinadya nkhanu zothira tsabola mpaka milomo kuyabwa. Ndi mzinda wokongola ndithu. Ndili padoko ndinawaimbira adadi pa vidiyo n'kuwazunguliritsa foni kuti aone zonse. Anayang'ana nthawi yaitali, imvi zili mbuu, kenako anafunsa chapansipansi, "Nanga, akuposa wathu uja?"

"Ayi, adadi," ndinatero. "Kuno ngakhale ng'ombe kulibe."

Anaseka mpaka anavula magalasi kuti apukute m'maso.