Lumo la Amayi

Matipati atabwera, amayi anasumira boma pa nkhani ya abambo, amene apolisi anawatenga pamsika wa Mitundu ndipo sanabwererenso. Chipukuta misozi analibe nacho ntchito. Ankangofuna kudziwa tsiku limene anamwalira, kuti timete maliro, mzimu wawo ugone.

Kukhoti, loya wa boma anati buku la apolisi silingatsegulidwe chifukwa muli zinsinsi za dziko. Zinsinsi zanji? Mlimi wa fodya angagwetse boma atafa kale?

Pobwerera kwathu ku Nathenje ndinasinza m'minibasi, ndikulota abambo akupalasa njinga m'nkhungu ya Dzalanyama. Ankandikodola, koma osafika.

Amayi anakalamba ndi tsitsi lawo. Lumo limene anagula linachita dzimbiri pazenera, likudikira boma.