Batire Lomwe Ndinakaniza Maliro

M'mudzi muno mulibe wondiposa mawu. Ndikaitana ng'ombe ndili kudimba, a ku Bembeke amatembenuka. Koma chaka chomwe mwana wanga wamkazi anabwerera pakhomo, ukwati utatha, ana awiri ali kumbuyo, mawu angawo sanathandize kanthu. Anabwera ndi kalaputopu kakale, kakufa batire, kongoyaka ukakalumikiza ku batire lathu la sola.

Kampani ina ya ku Lilongwe inamuyesa ntchito. Anati amange pulogalamu yogawa kompyuta imodzi m'tizipinda, kalikonse kuchita zake osasokoneza kanzake, ngati makola a nkhumba. Yomangidwa kale a kampaniyo anaikana. Anamupatsa malemba ake okha, kuti kompyuta iumbe yokha, iye aiike m'malo mwake, awaonetse ikuyenda lisanalowe dzuwa Lachisanu. Akalephera, ntchito ya wina.

Ine zilembo ndimaziwerenga mogwira ndi chala, koma njerwa ndaotcha moyo wanga wonse. Atandifotokozera ndinati, "Ndiye ndi uvuni umenewo. Moto ukazima pakati, njerwa zimatuluka zosapsa."

"Eya, Ababa. Kungoti uvuni uwu nkhuni zake ndi batire."

Inali nyengo yozizira, nkhungu itakhala paphiri osasuntha, sola ikungodontheza moto. Ulendo woyamba kompyuta inaima, ati pakusowa kachidutswa kena. Mwana anakwera pachulu cha kuseri kwa tchalitchi kusaka netiweki, nakatenga. Ulendo wachiwiri batire linafa pakati, zina zinaonongeka, anafafaniza zonse. Ndinalikweza panjinga, kukalitchajitsa kumsika, kubwera nalo. Lachisanu m'mawa anayambanso. Mizere yoyera inkathamanga pagalasi lakuda, iye manja ali m'khwapa, osadya.

Tsiku lomwelo tinkaika mlamu wanga wamkulu, mchimwene wa mayi a kunyumba.

Kwathu kuno chamaliro sichikanizidwa. Nkhuni, ufa, mpando, ngolo, akapempha umapereka. Amene ankakalipira okaniza, pagulu, dzina ndi dzina, ndinali ine. Komanso ine ndine mkamwini. Imvi zadzadza mutu, koma dothi lomwe ndimalima ndi la akuchikazi.

Dzuwa lisanafike pamutu anabwera mng'ono wa malemu, chingwe chomangira katundu chili m'manja.

"Alamu, tabwerera batire. Chimkuzamawu chakana kuyaka, akatekisiti sakumveka."

Ndinayang'ana mwana. Anangoika dzanja pawaya, misozi ili m'maso. Amalume ake ali m'bokosi, ntchito ili pagalasi.

"Yatsala pati?" ndinamufunsa.

"Sindikudziwa, Ababa. Kompyutayi siimanena."

"Ukaiimitsa kaye?"

"Batire likabwera lopanda moto, ndathera pomwepo."

Ndinaima pakhomo, mikono uku ndi uku. Ndinaona akutilanda dimba, ndinaona mayi a kunyumba akulozedwa zala pachitsime. Ndinaonanso mwana wanga akukalamba akugulitsa mbatata ya kachewere m'mbali mwa msewu, adzukulu opanda nsapato m'chisanu chino.

"Batire silituluka," ndinatero.

"Alamu, inu? Kodi si inu munanyoza munthu chifukwa cha mtolo wa nkhuni?"

"Ndine. Mwati chavuta n'chimkuzamawu? Tiyeni. Chija chimasasa mawu, ine ayi."

Anaseka mosafuna. "Ndiye tikulumikizeni kuwaya uti?"

Pasiwa anthu anali mbwee mpaka m'munda wa nyemba. Ndinakwera pangolo pafupi ndi akatekisiti. Iwo akanena chiganizo, ine kuchiponya kwa anthu. Mapemphero, mbiri ya malemu, mauthenga a akutali, dongosolo la kumanda, zonse zinadutsa pakhosi panga, mphepo ikundiwomba m'kamwa. Ena ankanong'ona kuti mkamwini waumira batire. Ndinawamva, ndinangokweza mawu. Maso anga anali kudenga la nyumba yanga kutsidya, ngati ndingaone mizere ija ndili pomwepo. Mumtima ndinkapempherera batire, osati malemu. Mulungu akudziwa.

Pomwe tinkakwirira, pakhosi panali ngati ndameza mchenga. Nditati ndithokoze adzukulu okumba manda, panangotuluka mpweya.

Ndinafika kunyumba dzuwa litapendeka. M'nyumba munalibe mwana, batire kapena laputopu. Mwana anali pachulu paja, laputopu pamwendo, batire pambali, kagetsi kake kali kofiira. Analinyamula yekha pamutu kompyuta itamaliza kuumba. Pulogalamu anali ataiika kale m'malo mwake. Anandionetsa tizipinda tiwiri tikuyenda, munthu wa ku Lilongwe akuyang'ana kudzera pafoni. Ndinamva akuti, "Chabwino, mubwere Lolemba."

Ndinafuna kuti mudzi wonse umve, ndi Bembeke yemwe. Ndinatsegula pakamwa, zii.

Mawu anabwerera patapita masabata, koma osafika pakale. Alamu aja mpaka lero akandipeza pamaliro amati, "Chimkuzamawu chathu, mwatchaja?" Dimba sanatilande. Batire sanabwerekenso.